Tidzakuimbirani

Mlongo wanga wamng'ono anandiimbira foni Lachitatu lapitali cha m'ma 9 koloko usiku. Sanayambe ndi moni wautali monga amachitira masiku onse. Anangoti, "Achemwali, inu munagwirako mu ofesi. Tandiuzeni zoona. Kodi makalata athuwa amawawerenga?"

Mnyamatayu anamaliza maphunziro a zowerengera ndalama chaka chatha, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ntchito yake ndi yofunsira ntchito. Ali ndi kope limene analigawa m'madanga atatu: tsiku limene watumiza kalata, kumene waitumiza, ndi yankho. Danga lachitatulo ndi loyera kuyambira tsamba loyamba mpaka pamene wafika lero. Usiku umenewo ndinamuyankha mwachidule chifukwa mayunitsi ake amatha, koma funso lake landikhala pamtima. Ndikulemba pano zimene ndinalephera kumuuza pa foni, chifukwa ndakhalapo mbali zonse ziwiri: ndinakhalapo wotumiza makalata, kenako ndinakhala wotsegula maenvulopu a anthu ena.

Ulova wanga unatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Amene anadutsamo akudziwa ndondomeko yake. Umadzuka m'mawa kupita kumene ungawerenge The Nation kapena The Daily Times popanda kugula, n'kukopera pa pepala ntchito zimene zalengezedwa. Ukatero upite kukachita fotokope satifiketi ya MSCE, dipuloma ndi chiphaso cha unzika, mwina ukadinditsenso kwa loya kuti zitsimikizike, ugule envulopu ya khaki, ukwere minibasi. Ukafika pa geti, alonda amakuonetsa katoni kapena amakulembetsa m'buku. Ukakhala ndi mwayi umafika mpaka pa resepushoni, pamene mayi wina amalandira envulopu yako osakuyang'ana kumaso n'kunena mawu aja: "Tidzakuimbirani." Ndalama zonsezi zimachoka m'thumba la munthu amene alibe malipiro. Zanga zinkachokera ku mandasi amene amayi ankagulitsa pa sukulu ya pulayimale ya kwathu.

Kudikirako ndiye kumadya munthu. Foni yanga sinkazima. Magetsi akathima ndinkapita nayo kumsika kukalipira kuti andichajire, poopa kuti tsiku limene yazimalo ndi limene adzaimbe. Nambala yachilendo ikaoneka mtima unkagunda, ndinkathamangira kuseri kwa nyumba kopanda phokoso la ana, ndikuyankha ndi mawu aulemu, kenako n'kupeza kuti ndi munthu wolakwitsa nambala. Amayi ankandiona. Ankati, "Mwanangu, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinkadekhadi, koma nkhono imatulutsa maso ake pamapeto pake. Makalata anga ambiri sanatulutse kanthu.

Munthu akakanidwa amalira tsiku limodzi, mawa lake amadzuka n'kuyang'ana kwina. Munthu amene sanayankhidwe sadziwa kuti alire liti. Amayamba kudzifufuza yekha: kodi Chingerezi changa n'choipa, kodi dzina langa likuonetsa kumene ndimachokera, kodi sukulu imene ndinaphunzira amainyoza? Achibale nawo amayamba kufunafuna chifukwa. Azakhali anga anabwera tsiku lina n'kundiuza motsitsa mawu kuti zoterezi sizichitika zokha, alipo amene ananditseka mwayi, ndipo anatchula munthu wa m'banja mwathu momwemo. Ankanena mondikonda, ndipo ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Ndimaganizabe za mabanja amene anadana chifukwa cha kalata imene inangokhala m'katoni pansi pa desiki ya munthu wina.

Ntchito imene ndinadzaipeza inali ya ulembi m'bungwe lina laling'ono ku Lilongwe. Patangopita miyezi yochepa, bungwelo linalengeza kuti likufuna munthu mmodzi wokagwira ntchito kumudzi, ndipo ine ndi amene ndinapatsidwa udindo wolandira makalata. Tsiku lotseka lisanafike, makatoni anali atadzaza mpaka ena ndinawaika m'chipinda chosungira zinthu. Imelo ya ofesi inkalandira makalata usiku wonse. Ndinakhala pansi n'kuyang'ana mulu umenewo, ndipo ndinazindikira kuti envulopu iliyonse inali ndi munthu kumbuyo kwake amene foni yake siizima.

Tsopano yankho la funso la mlongo wanga. Makalata ena amawerengedwa. Ambiri amangoyang'anidwa. Ife tinali anthu atatu, aliyense ali ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo tinapatsidwa masana awiri kuti tisankhe anthu ochepa oti aitanidwe ku intavyu. Choyamba tinachotsa onse amene anafika mochedwa. Kenako amene analibe pepala lenileni limene chilengezo chinatchula. Kenako amene sanasonyeze zaka zimene anagwirapo ntchito yofanana nayo. Pofika apa dzanja limathamanga kuposa maso. Otsala anali ambiribe, onse oyenera, ndipo panalibe njira yachilungamo yosiyanitsira uyu ndi uyo kupatula tizinthu ting'onoting'ono: uyu amalankhula chiyankhulo cha dera limene ntchito ili, uyu amatha kuyendetsa njinga yamoto. Anthu abwino kwambiri anatsala m'katoni opanda cholakwa chilichonse. Ndikanakonda ndikanadziwa zimenezi nthawi imene ndinkadziimba mlandu usiku.

Kuchuluka kwa makalataku sikodabwitsa munthu akayang'ana dziko lathu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwa anali ana osakwana zaka 18. Ambiri mwa ana amenewo lero ndi akuluakulu ofuna ntchito. Chaka chilichonse UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST zimatulutsa omaliza maphunziro, kuwonjezera pa mayunivesite omwe si aboma ndi sukulu zantchito zamanja, pamene makampani ndi mabungwe olemba ntchito sakuchuluka pa liwiro lomwelo. Amene amakayika akumbukire za mu 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana anthu kuti angofika okha kudzayesedwa pa ntchito ya alangizi a zaumoyo. Anthu miyandamiyanda anakhamukira kumalo oyeserako, ndipo ku Mzuzu ena anavulala popanikizana. Tsiku limenelo mulu umene umabisika m'makatoni unaonekera pa msewu, uli ndi miyendo ndi nkhope. Chaka chomwecho lonjezo la ntchito 1 miliyoni linamveka kwambiri pa misonkhano ya ndale, ndipo linagwira mitima chifukwa nyumba iliyonse ili ndi munthu wake amene akudikira foni.

Koma ndingakhale wabodza nditanena kuti vuto ndi kuchuluka kokha. Pali ntchito zimene zimalengezedwa zili kale ndi mwini wake. Nthawi zina si katangale: pali munthu amene wakhala akugwirizira mpandowo kwa chaka, amaidziwa ntchitoyo, aliyense akufuna kuti apitirize, koma malamulo a bungwe kapena a opereka thandizo amati ntchito iliyonse iyenera kulengezedwa poyera. Ndiye amailengeza kuti fayilo ikhale yokwanira. Nthawi zina ndi katangale weniweni, mwana wa uje kapena mlamu wa uje. M'njira zonse ziwirizi, anthu amene awononga ndalama zawo za fotokope ndi minibasi anaitanidwa kudzakhala mboni chabe pa mwambo umene mathero ake anadziwika kale. Ndipo palibe amene amafuna kulemba kalata yokana pa nkhani yotere, chifukwa kuilemba n'kuyang'anana maso ndi chinthu chimene aliyense mu ofesimo akuyesa kusachiona.

Palinso ntchito zimene zimafa zisanabadwe. Bungwe limalengeza mpando likudalira ndalama zimene lalonjezedwa, kenako ndalamazo sizibwera kapena zimachepa mphamvu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mabajeti ambiri amene analembedwa miyezi ingapo m'mbuyomo anasanduka mapepala wamba. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lopita kumaiko akunja, mabungwe ambiri amene ankadalira ndalama za USAID anayamba kuganiza za momwe angasungire antchito amene ali nawo kale, osati olemba atsopano. Zikatere abwana sanena kuti ntchito ija yathetsedwa. Amati, "Tiyeni tidikire kaye, mwina zisintha." Mwezi umatha, wina umatha, ndipo munthu amene analemba kalata ali ku Mchinji kapena ku Mulanje akuganiza kuti analephera mayeso amene sanachitike n'komwe.

Chifukwa china ndi chimene chimandichititsa manyazi kwambiri, chifukwa ndinachiona ndi maso anga ndipo poyamba ndinakhala chete. Intavyu ikatha, pamakhala woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Woyamba amaimbiridwa. Wachiwiri ndi wachitatu sauzidwa kanthu dala, kuti akhale ngati nkhokwe: woyamba akakana malipiro kapena akathawa patatha mwezi, aitane wotsatira. Woyamba akayamba ntchito, mu ofesi monse nkhaniyo imakhala yatha. Aliyense amabwerera ku ntchito zake. Kuuza otsala aja sikunalembedwe pa udindo wa munthu aliyense. A HR, oyang'anira zolemba anthu ntchito, amaganiza kuti mkulu wa nthambi wawauza, mkulu wa nthambi amaganiza kuti mlembi watumiza uthenga, mlembi akudikira kuti auzidwe. Palibe amene anakhala pansi n'kupangana kuti anthuwa tiwazunze. Anangowaiwala, ndipo kwa ine kuiwalako n'kopweteka kuposa nkhanza yochita kukonza, chifukwa kumasonyeza kuti munthuyo sanalowe n'komwe m'maganizo mwawo.

Mantha nawo alipo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, limaletsa kusala munthu wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chiyankhulo, ulumali, kapena chifukwa ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo milandu ya zantchito ili ndi bwalo lakelake, Industrial Relations Court. Olemba ntchito ena amaona kuti chilichonse chimene angalembe chikhoza kudzawatembenukira, ndiye amasankha kusalemba kanthu. Koma taonani mbali inayo. Mayi amene anakanidwa chifukwa anafika ku intavyu ali woyembekezera, kapena mnyamata amene anasiyidwa chifukwa cha dzina la kwawo, angadandaule bwanji pamene sanauzidwe n'komwe kuti wakanidwa? Kukhala chete kumateteza wolemba ntchito wachilungamo ndi wokondera mofanana, ndipo amene amapindula kwambiri ndi wokonderayo.

Ndimaganizanso kuti muli kena kake ka chikhalidwe chathu m'nkhaniyi. Ife kunena kuti "ayi" pamaso pa munthu timakuona ngati mwano. Munthu akabwera kudzabwereka ndalama timati "tiona", kapena "ndamva, ndikuuzani". Kumudzi zimenezi zimayenda bwino chifukwa wopemphayo amaona nkhope yako, amamva mmene mawu atsikira, ndipo amabwerera kwawo akudziwa kuti wakanidwa koma ulemu wake uli wonse. "Tidzakuimbirani" wa mu ofesi anatengera mawu a mwambo umenewu n'kusiya nkhope yake. Wofunsira ntchito alibe poti awerengepo kanthu. Amatenga mawuwo monga analankhulidwira, n'kumadikira.

Masiku ano mabungwe akuluakulu ndi makampani ambiri amalandira makalata kudzera pa intaneti, ndipo kwina kompyuta ndi imene imayamba kusefa, kuyang'ana ngati mawu ena ake akupezeka mu CV munthu asanaione. Wofunsira amatha bandulo yonse akudzaza mafomu pa foni, netiweki ikudukaduka, ndipo chimene amalandira ndi uthenga wongodzitumiza wokha wochokera ku adiresi imene siyankhidwa. Chodabwitsa n'chakuti makina omwewo angathe kutumiza uthenga wokana kwa anthu onse pa kamphindi, popanda sitampa kapena envulopu. Kale wolemba ntchito akanatha kunena kuti positi ndi yodula. Lero chifukwa chimenecho palibe.

Ndisabise kuti nthawi zina vuto limakhala kwa ofunsira. Ndinaimbirapo anthu amene anasankhidwa n'kupeza nambala yosapezeka masiku atatu otsatizana, kapena imelo yolembedwa molakwika moti uthenga unkabwerera. Abwana sadikira, amati itanani wotsatira. Mlongo wanga ndinamuuza kuti pa CV pazikhala nambala ziwiri, ina ya munthu wamkulu wa m'banja amene foni yake imakhala yoyaka. Koma anthu otere ndi ochepa poyerekeza ndi amene nambala zawo zinali bwinobwino ndipo sizinaimbidwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: m'dziko limene olemba ntchito enieni sayankha, amene amayankha msanga ndi akuba. Amaika chilengezo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, amagwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, ndipo ukatumiza kalata lero mawa amakuimbira ndi mawu okoma kuti wasankhidwa, ungotumiza ndalama pang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba za fomu, za yunifolomu kapena za kuchipatala. Anthu amafunsa kuti munthu wophunzira angapusitsidwe bwanji chonchi. Ine sindidabwa. Munthu amene watha chaka akulankhula ndi khoma, akamva mawu a munthu akumutchula dzina lake n'kumuuza kuti tinawerenga kalata yanu, mtima wake umatseguka wonse. Ludzu limenelo analipanga ndi maofesi enieni.

Pansi pa zilengezo zambiri pamakhala mzere uja wakuti "Only shortlisted candidates will be contacted", kutanthauza kuti okhawo osankhidwa ndi amene adzamve kanthu. Mzerewu ndimaumvetsa, ndipo sindinena kuti bungwe la anthu asanu liziimbira aliyense amene waponya envulopu m'katoni. Chimene ndimapempha ndi tsiku. Lembani kuti amene sanamve kanthu pofika tsiku lakutilakuti adziwe kuti sanasankhidwe. Ndi mzere umodzi wokha wowonjezera, ndipo umamasula anthu mazanamazana. Koma munthu amene mwamuitana, wabwera, wakhala pamaso panu n'kuyankha mafunso anu, ameneyo kumusiya osamuuza kanthu ndi kupanda ulemu, ndipo palibe kuchuluka kwa ntchito kumene kungakuikireni kumbuyo.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi mayi wina amene anabwera ku intavyu kwathu kuchokera ku Karonga. Anakwera basi ya usiku, anafika mbandakucha, anasamba kumaso pa depoti n'kusintha zovala, ndipo anafika pa ofesi nthawi isanakwane. Anayankha bwino, anakhala wachiwiri. Patatha milungu isanu anaimba pa foni ya ofesi ndipo ndinayankha ndine. Anati, "Pepani mayi, sindikufuna kuvutitsa. Kuno andipatsa ganyu yophunzitsa pa sukulu ina, koma akufuna ndivomere kukhala mpaka chaka chithe. Ndingofuna kudziwa ngati ndidikirebe kwanuko." Munthu amene tinamusankha anali atayamba kale ntchito milungu itatu m'mbuyomo, atakhala pa desiki moyang'anizana ndi ine. Ndinalibe chilolezo chonena kanthu. Ndinamuuza kuti ndifunsa kaye, ndipo nditaika foni pansi manja anga ankanjenjemera.

Ndinalowa kwa abwana n'kunena kuti, "Bwana, mayi wa ku Karonga uja akufuna kukana ntchito ina chifukwa akudikira ife." Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa kuti, "Kodi sanauzidwe?" Sanali munthu woipa. Ankaganizadi kuti wina anachita kale zimenezo. Anandilola kuti ndimuimbire, ndipo ndinapempha kuti kuyambira tsiku limenelo ntchito youza osasankhidwa ikhale yanga. Mayi uja nditamuuza anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Zikomo pondiuza. Ndipita ndikavomere kusukulu kuja." Akanapanda kulimba mtima n'kuimba yekha, akanataya zonse ziwiri.

Kuchokera pamenepo ndinkatumiza uthenga wa mizere itatu kwa aliyense amene anafika ku intavyu, ndipo kwa onse amene anatumiza pa imelo ndinkatumiza uthenga umodzi wothokoza ndi wowadziwitsa kuti mpandowo wadzazidwa. Zinkanditengera ola limodzi kapena awiri. Ndinkaopa kuti anthu azindilalatira, ndipo mmodzi anaterodi, anandilembera kuti tinamutayitsa nthawi ndipo ntchitoyo tinapatsa m'bale wathu. Sindinamuimbe mlandu. Koma ambiri amene anayankha ankathokoza, ena mpaka kudalitsa. Bambo wina analemba kuti pa makalata onse amene analemba chaka chimenecho, ife tinali oyamba kumuyankha. Uthenga umenewo unandiliza, chifukwa munthu sayenera kufika pothokoza chonchi kaamba ka kukanidwa.

Loweruka ndinamuimbira mlongo wanga ndi mayunitsi anga kuti tilankhule mosathamanga. Ndinamufotokozera za makatoni, za mipando yokhala ndi eni ake, za ndalama zimene sizinabwere, ndi za mayi wa ku Karonga. Ndinamuuza kuti akapita ku intavyu azifunsa mwaulemu asanatuluke kuti ayembekezere yankho pofika liti, ndipo tsikulo likadutsa aziimba kamodzi osachita manyazi. Ndinamuuzanso kuti aliyense womupempha ndalama kuti amulembe ntchito amuthawe. Za kope lake lija, tinagwirizana kuti kalata ikatha milungu isanu ndi umodzi chitsekereni popanda yankho, azilemba yekha m'danga lachitatulo kuti "yatha", n'kutembenuza tsamba.

Anakhala chete kanthawi, ndimamva akutsegula mapepala. Kenako anati, "Ndiye kuti lero ndilemba 'yatha' malo ambiri, achemwali." Ndinamuuza kuti alembe. Asanadule anandipempha ndalama ya fotokope ndi ya minibasi, chifukwa pali ntchito ina imene ikutseka Lachisanu, ndipo akufuna kukasiya kalatayo yekha pa geti. Ndinamutumizira usiku womwewo.